Bokosi Lopanda Mtembo

Chaka cha chilala chija, 1992, ndinkagwira ntchito yotaipa pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Nguludi. Ofesi yanga inali kachipinda ka kuseri kwa ofesi ya ahedi, konunkha inki ndi mphemvu, kazenera kake kamodzi koyang'ana kuchimbudzi cha anyamata. Koma ndisaname, kachipindako ndinkakakonda kuposa kwathu. Kwathu anthu analipo, achemwali anga ndi ana awo pabwalo limodzi, koma aliyense akandipatsa moni ndinkaona funso lomwelo m'maso mwake, lakuti kodi iwe udikira mpaka liti.

Amuna anga anapita ku migodi ya ku Joni titangolowa m'banja, tisanaone mwana. Migodi itasiya kulemba anthu a kuno anzawo onse anabwerako, ena ndi mawailesi akuluakulu, ena ndi chifuwa, koma iwo ayi. Makalata anali atasiya kale kubwera. Wina ankati anamva kuti mwala unagwera anthu kumgodi kumene anali, wina nkumati ayi, kumeneko sikumene anali. Mtembo panalibe amene anauona. Amuna angawo anandisiyira nyumba imene anamanga pamudzi pathu monga mkamwini, ndi njinga yakuda. Njingayo ndinkaipukuta Loweruka lililonse, kuidontheza oilo wa makina osokera ndi kuipopa matayala. Kupalasa sindinkadziwa, ndipo mpaka lero sindidziwa.

Atsibweni anga, amene analinso nkhoswe ya ukwati wanga, anali atatopa nane. Ankabwera n'kukhala pakhonde, chipewa pabondo, n'kuyamba nkhani yawo yomweyo. Ankati abale a mwamuna avomera kale, abwere tidzalire maliro ngakhale mtembo palibe, andimete, atenge katundu wa m'bale wawo, andisudzule ndikhale mfulu ndikadali ndi mphamvu. Ine ndiye ndinali ndi pakamwa masiku amenewo. Ndinkawafunsa kuti kodi munthuyo anamuika ndi iwo, manda ake ali pati ndikaone. Iwo ankangovala chipewa chawo n'kumapita, mwezi ukatha n'kubweranso.

Ndiye kusukulu kunabwera mphunzitsi watsopano wa masamu, wochokera kuchigawo chapakati, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku maphunziro kunja. Anali bambo wamfupi, wolongolola ngati wailesi, wabwino mtima. Anabwera ndi kompyuta yake, ndipo poti kachipinda kanga kokha ndi kamene kanali ndi loko wolimba ndi soketi yogwira ntchito, anaiika pa tebulo langa. Kwa ahedi anati ndi yolembera mayeso. Mayeso tinalemberadi, koma nthawi ya nkhomaliro aphunzitsiwo ankalowa, kutseka chitseko, n'kuyatsa masewera awo a nkhondo ya m'mlengalenga.

M'masewerawo iwe umakhala woyendetsa kachombo ka nkhondo. Pagalasi pamakhala mdima wokhawokha, nyenyezi zili mbuu ngati mpunga wotayikira pansi, kenaka adani a nkhope ngati abuluzi amatulukira n'kuyamba kukuwombera. Ukapulumuka umabwerera ku chombo chachikulu kumene nonse mumagona, ndipo kumeneko nkhope za anzako zimaoneka n'kumalankhula nawe, mawu ake achingerezi akulembedwa m'munsi. Aphunzitsi ankakonda kuwombera. Ine ndinkakonda kumene anthu amalankhulako, moti ndinkasiya chinangwa changa kuzizira ndili kuwerenga pamwamba pa phewa lawo. Tsiku lina anangondisunthira mpando kuti yesani mayi. Ndinayesa, n'kugunda chimwala choyamba chimene ndinakumana nacho. Ndinafa kambirimbiri sabata imeneyo, koma kufa kwa kumeneko si nkhani, umangoyambiranso.

Vuto la aphunzitsiwo linali lakuti sankasunga chinsinsi. Ankati nkhani zonsezi amazipanga pa chikombole chimodzi, ukaona imodzi waona zonse. Mnyamata wina m'chombomo anatulutsa chithunzi cha chibwenzi chake, n'kunena kuti ulendo uno ukatha akupita kukakwatira. Aphunzitsi anangotsonya n'kunena kuti ameneyo tiyambiretu kusonkha za maliro. Ndinawakalipira kuti asalodze mwana wa eni, koma ulendo womwewo mnyamatayo anapsa ndi chombo chake. Mkulu wa nkhondo wa imvi asanatsegule pakamwa, iwo anali atanena kale kuti akuuzani kuti dziko lonse likudalira inu nokha. Ananenadi zomwezo, ngati kuti chombo chonsecho munalibe amuna ena. Za wina wodzitama m'chombomo amene ankandinyoza, aphunzitsi anati adzasanduka bwenzi langa, ndipo anasandukadi. Za chombo chachikulu cha adani anati chili ndi kabowo kamodzi kumene ukalasa chonse chiphulika. Ndinawafunsa kuti mmisiri wake ndi wa kuti wosiya bowo lotero, pomwe ife nkhokwe yeniyeniyi timaimata kuopa makoswe. Anaseka mpaka misozi.

Chimene chinandinyansa ndi maliro awo. Mnyamata wa chithunzi uja atafa, anzake anaima pamzere atavala mayunifomu, mkulu wa imvi n'kunena mawu awiri atatu, n'kukankhira bokosi kumdima. Bokosilo linkapita likucheperachepera mpaka kusowa, basi maliro atha, tiyeni kunkhondo. Panalibe wogona pa siwa, panalibe wolira, panalibe ngakhale wofunsa kuti kwawo amva kodi. Ndinawauza aphunzitsi kuti anthu amenewa alibe abale, n'chifukwa chake amangokhalira kumenyana.

M'chombomo munali mmodzi amene ndinamuzolowera, woulukira kudzanja langa lamanja. Sanali wolankhulalankhula. Tikamanyamuka ankangonena kuti ndili pambuyo pako, tikabwerako n'kunena kuti wachita bwino lero. Mukhoza kuseka, sekani, koma panali patapita zaka munthu asanandiuze mawu amenewo. Ndinkatuluka m'kachipinda kaja madzulo, kudutsa m'minda mmene chimanga chinaumira chisanabereke, kukafika kunyumba kopanda wondifunsa kuti kuntchito kunali bwanji. Ndinkadziwa ndithu kuti ndi kachithunzi chabe kopangidwa ndi anthu akutali. Kudziwako sikunaletse mtima kumamuyembekeza ikamakwana nthawi ya nkhomaliro.

Tsiku lina mnzangayo anathamangitsa adani n'kulowa nawo mumtambo wa fumbi. Mawu ake anadukira pakati, sanatulukenso. Tinafunafuna, palibe. Titabwerera ku chombo chachikulu anaimanso pamzere wawo uja, n'kukankhira kumdima bokosi lopanda kanthu, poti mtembo sanaupeze. Ndinachotsa manja pa mabatani n'kungokhala. Aphunzitsi ataona nkhope yanga anaseka, nati, "Mayi, musadandaule. M'nkhani zoterezi, ngati simunaone mtembo ndiye kuti munthuyo sanafe. Abwera ameneyo."

Iwo anali mlendo pasukulupo, za amuna anga sankadziwa. Ankangonena za masewera awo. Koma ine mawu amenewo ndinawanyamula ngati mankhwala ochokera kuchipatala cha mishoni. Munthu amene sanaphonyepo ngakhale kamodzi, amene anadziwiratu imfa ya mnyamata wa chithunzi ndi bowo la chombo, akunena kuti wosaoneka mtembo amabwera. Sabata yomweyo atsibweni atabwera ndinawayankha ndili chiimire, kuti asadzabwerenso ndi nkhani imeneyo pakhomo panga, amuna anga ali moyo. Anandifunsa kuti wakuuza ndani. Ndinangoti alipo, nanga ndikanati makina?

Sukulu inatsekera, ana n'kupita kwawo. Ine ndinkapitabe kuntchito poti makalata a ahedi sankatha, ndipo aphunzitsi anandisiyira kompyuta ija kuti ndizichita nayo zimene ndikufuna. Pasukulu panali zii, khwangwala yekha pamtengo wa mbendera. Kunja anthu ankakhala pamizere kudikira chimanga chachikasu, phiri la Chiradzulu losaoneka bwino ndi fumbi, ine ndili m'kachipinda kumenyana ndi abuluzi masana onse. Kuwombera sindinkakukondabe. Ndinkangofuna nkhaniyo isunthe ndikafike pamene mnzanga uja akabwerere. Ndinali nditakonzeratu m'mutu mwanga mmene zidzakhalire. Tidzamupeza m'ndende ya adani atawonda, ndevu zili nyankhalala, tidzamumasula, adzanena kuti tsiku lililonse ankaganiza zobwerera. Za amuna anga ndinkaganizanso chimodzimodzi, kuti mwina ali m'ndende, mwina ali m'chipatala china sakutha kugwira cholembera.

Mnzanga uja anabweradi. Linali Lachisanu masana, chakumapeto kwa nkhaniyo. Kutsogolo kwanga kunatulukira chombo cha adani, pagalasi n'kuoneka nkhope yake. Ndinaimirira pampando. Koma sanali wowonda, sanali womangidwa, ndipo anali atavala zovala zawo. Ananena modekha, monga ankalankhulira kale, kuti anthu aja anamulandira bwino, wapeza malo kumeneko, ndisavutike kumufunafuna. Atatero anayamba kundiwombera.

Ine sindinabweze. Anandipha, ndinayambiranso, anabweranso ndi mawu omwewo. Ndinadina batani lililonse limene linali pamenepo kufuna loti ndilankhule naye, ndimufunse kuti tinamulakwira chiyani. Panalibe. Ndinatseka chitseko n'kupita kunyumba kwa aphunzitsi, ndipo ndinawapeza akuchapa malaya kuseri. Ndinawafunsa ngati pali njira yomubwezera kwathu munthu uja. Anati palibe, olemba nkhaniyo sanaikemo njira yotero, chimene chatsala ndi kumuwombera basi. Anawonjezera kuti ndi mmene zimakhalira kawirikawiri, wosowa nthawi yaitali akamadzatulukira amakhala ali wa eni ake. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji sanandiuze, iwo amene ankaulula chilichonse. Anayankha akumwetulira, thovu lili m'manja, kuti sanafune kundionongera pokoma pake.

Ndinabwerera kwathu dzuwa likadalipo. Sindinakoleze moto. Ndinakhala pamphasa moyang'anana ndi njinga ija, n'kuganiza chinthu chimene zaka zonsezo ndinkachitsekera kunja ngati galu. Ndinkalola zinthu ziwiri zokha, kuti amuna anga anafa, kapena china chake chawagwira. Chachitatu sindinkachilola, chakuti ali moyo, ali bwino, anenepa, pali mayi wina amene amawaphikira, ndipo positi ofesi akuidziwa pamene ili, amangoidutsa. Sikuti makina aja anandiuza zoona za amuna anga, ayi, zoona zake sindizidziwa mpaka lero. Anangonditsegulira chitseko chimene ndinkachiopa. Ndipo nditayang'ana mkatimo ndinapeza kuti mwa zitatuzo, chimene mtima wanga ukanatha kusenza ndi imfa. Womwalira sanakukane. Zinandipweteka kwambiri kudzipeza ndikuwafunira manda anthu amene ndinkawapopera njinga, ndipo ndinalira mokweza mpaka achemwali anga anabwera kudzaima pakhomo.

M'mawa mwake ndinapita kwa atsibweni. Ndinawapeza akusema mpini. Ndinagwada chapatali, mwaulemu umene ndinali nditauiwala, n'kunena kuti, "Atsibweni, kaitaneni anthu aja." Sanafunse kuti chasintha n'chiyani, ndipo ndimawathokozabe chifukwa cha zimenezo.

Abale a amuna anga anabwera mwezi wotsatira. Ndi njala ija zophika zinali zochepa, koma anthu anasonkhana ndithu, amayi m'nyumba, abambo pansi pa mango. Tinalira maliro opanda mtembo, ine amene ndinkanyoza anthu a m'chombo chifukwa cha bokosi lawo lopanda kanthu. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinali ndi ondigwira mapewa. Aphunzitsi anali atamva nkhani yonse kwa ahedi, ndipo anabwera n'kukhala pakati pa abambo. Munthu wolongolola uja tsiku limenelo sanatsegule pakamwa. Pochoka anangondipatsa dzanja n'kunena kuti pepani mayi, maso ali pansi. Masewera aja sitinawatchulenso, ndipo mnzanga wa kudzanja lamanja sindinamuwombere, ndinamusiya pomwepo.

Atandimeta, apongozi anga aakazi ananena mawu ondimasula, kuti mwana wathu takusudzula, ukapeza wokufuna usaope. Kenaka anayamba kutulutsa katundu wa m'bale wawo. Sanali wambiri, jekete, nkhwangwa, nsapato za ukwati zimene zinali zitauma. Pomaliza alamu anga, mng'ono wawo wa amuna anga, analowa kukatenga njinga. Anaitulutsa pabwalo, nayamba kufunsa ngati pali amene ali ndi pampu, poti njinga yokhala zaka zonsezi singayende. Kenaka anatsina tayala lakutsogolo ndi chala, natsinanso lakumbuyo. Anatembenuka kundiyang'ana ndili pamphasa ndi mutu wanga wometa.

"Alamu," anatero, "mpweya uli bwinobwino."

Anamanga jekete ndi nsapato pa kaliyala, nakwera. Njingayo sinalire ngakhale pang'ono, ndipo ndinaiyang'ana ikutsika njira ya kumsewu mpaka inakhota kuseri kwa nsungwi.