Mababu a Ukwati Pambali pa Njanji

Ndinagwira ntchito ya nyale za sitima pa Nkaya zaka zambiri. Madzulo aliwonse ndinkakwera makwerero, kupukuta magalasi, kuthira palafini, kudula chingwe chopserera ndi kuyatsa. Sukulu ndinalekera sitandade sikisi, koma mitundu iwiri ndinkaidziwa kuposa aphunzitsi. Kubiriwira, pita. Kufiira, ima. Nyale yanga sinazimepo pa nthawi ya sitima.

Nyumba yanga inali pambali pa njanji, pamene imakhota pochokera ku Balaka. Mwana wanga wamkazi woyamba anakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Liwonde. Shehe anamanga ukwati masana, mpunga ndi mbuzi tinadya, ndipo magule anatsalira madzulo, tikatha swala ya magharibi. Masiku amenewo ukwati wakumudzi unkawala ndi nyale ziwiri zopopa, basi. Koma mkulu wake wa mkwati anali makaniko pa galaja ina ku Balaka. Anabwera ndi batire la lole, gumbagumba, ndi mababu a galimoto opakidwa penti, ena obiriwira, ena ofiira. Anabweretsanso chipanda chachikulu chomatidwa zidutswa za kalilole. Akachipachika pa chingwe, n'kuchizunguza, n'kuchiwalitsa ndi tochi, timadontho ta kuwala tinkathamanga pakhoma, pamitengo ndi pankhope za anthu. Luso anali nalo, sindikana.

Mababuwo anawamanga pa nsungwi zazitali kutsogolo kwa chisakasa, mbali yoyang'ana njanji. Nditaona, ndinapita pa batire, ndinamasula waya wa mababu, n'kuika m'thumba la jekete.

"Chipanda zunguzani," ndinatero. "Mababu adikire sitima ya katundu idutse."

Sitimayo inkafika magharibi atangotha. Tsiku limenelo inachedwa.

Ankhoswe a mkwati anali atsibweni ake, tcheyamani wa nthambi ya chipani kwawo. Mitundu ya mababu anasankha ndi iwo, kuti ifanane ndi ya mbendera, ndipo anali atalengeza kale kuti akwati alowa m'chisakasa mababuwo akangoyaka. Choncho mwana wanga anakhala m'nyumba ndi velo lake, kudikira. Amayi anaimba nyimbo zolandirira mkwatibwi mpaka zinawathera, n'kuyambanso yoyamba ija. Mayi ake a mwanayo anabwera kudzandinong'oneza kuti ndiyatse. Ndinati ngwamba, ayi.

Kenako anabwera atcheya eni ake, baji pachifuwa.

"Bambo, waya ali kuti?"

"Ali m'thumba mwangamu."

"Akutani m'thumbamo, akufungatira mazira?"

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Ndinawauza kuti babu lofiira liimitsa sitima pachabe, ndipo lobiriwira ndiye loipa kwambiri, chifukwa liuza dalaivala kuti alowe pamene nyale yeniyeni kuseri kwa khona ikuti ima.

"Mababu a lole aimitse sitima? Iyayi, bambo. Nenani zoona. Kapena mitunduyi simuikonda?"

Anakweza mawu dala. Gumbagumba inazima. Amene anakhalapo nthawi imeneyo akudziwa kuti funso lotere linkamufikitsa kuti munthu. Khadi ya chipani ndinali nayo, ndinkagula chaka chilichonse, koma khadi sinkamulankhulira munthu akamunenera kuti akudana ndi mbendera. Ndikanayatsa, sitima n'kuima pakhomo panga, ntchito ikanatha m'mawa mwake, poti wa nyale ndinali ine ndipo nyumba inali yanga. Mbali zonse ziwiri ndinaziona bwinobwino.

"Atcheya, tiyeni tiyende pang'ono."

Ndinagwada, n'kuika khutu pa chitsulo cha njanji. Chinali zii. Ndinapereka waya kwa makaniko, n'kumuuza kuti ndikaimba mluzu alumikize, ndikaimbanso achotse. Tinayenda pa mathabwa a njanji kulowera ku Balaka, atcheya akupunthwa ndi nsapato zawo zatsopano, akutukwana miyala. Titapitirira khona ndinawaimitsa.

"Tembenukani. Inu ndinu adalaivala. Kumbuyo kwanu kuli mabogi odzaza feteleza."

Ndinaimba mluzu. Mababu anayaka pamwamba pa nsungwi, msinkhu wofanana ndi nyale yanga. Kuchokera pamenepo nyumba sinkaoneka, chisakasa sichinkaoneka. Kunkaoneka kufiira ndi kubiriwira, pambali penipeni pa njanji.

"Nyale ya sitima ndi iti pamenepo?"

Analoza. Analoza babu la lole.

Ndinaimbanso mluzu, mababu anazima.

"Mukafuna tiyatse, tiyatsa," ndinatero. "Lipoti ndilemba ine. Pamene pamafunsa wolamula ndilemba inu."

Anapukuta thukuta pakhosi. Kenako anati, "Nanga osanena poyamba?" Ndinali nditanena, koma sindinawakumbutse.

Titabwerera anakwera pa benchi, n'kuuza anthu kuti katundu wa m'sitima ndi wa boma, ndipo iwo monga tcheyamani alamula kuti mababu adikire. Anthu anawomba m'manja. Ndinawasiya atenge ulemuwo. Waya ndinabweza m'thumba mwanga.

Sitima inabwera nyimbo ya amayi ili kachitatu. Dalaivala ankandidziwa, ndipo ataona chipanda chikuwaza kuwala pamitengo analiza huta kawiri. Ndinawerenga mabogi mpaka lomaliza, n'kuona nyale yake yakumbuyo italowa pa siteshoni. Pamenepo ndinalumikiza waya ndi dzanja langa. Nthungululu zinamveka mpaka ku msika. Mwana wanga anatuluka, velo lake likusintha mitundu, timadontho tikuthamanga pa diresi. Anadutsa pamene ndinaima osandiyang'ana.

Alendo ochokera ku Nselema amene anabwera ku ukwatiwo anakamba za mababuwo chaka chonse, ndipo makaniko uja anayamba kuitanidwa ku maukwati. Ankafunsa kaye ngati nyumba ili pafupi ndi njanji.

Mwana wanga pano ali ndi zidzukulu. Akafuna kundiputa amati, "Ababa, inu munandidikiritsa chifukwa cha feteleza." Ndimamuyankha kuti eya, ndinakudikiritsa. Sindinapepesepo. Ntchito ndinapuma ndi kalata yoyera, yopanda mlandu, ndipo ili m'sutikesi.