Masikito Obiriwira a Amayi

Amayi anga mpaka lero sadziwa kuti amene anawaneneza za masikito aja ndine.

Anali obiriwira, olandira kusikelo, ndipo ankagonamo mlongo wanga wakhanda. Chaka chimenecho nyanja ya Chilwa inaphwa. Mabwato anangoti mbwee padothi long'aluka, mphepo ikununkha matope ndi nsomba zowola. Matemba opulumuka anatsalira m'madziwe a mumtsinje wa Likangala, ndipo mudzi unasankha anthu owalondera. Mmodzi anali amalume. Ankaswera pamenepo ndi chipewa chawo chamlaza, osalipidwa, akubweza aliyense wobwera ndi ukonde. "Iyi ndi mbewu ya nyanja," ankatero. "Mbewu sitidya."

Koma kwathu ndiwo zinali therere, lero ndi mawa. Tsiku lina amalume atapita kumaliro, amayi anamasula masikito aja n'kukakokolola padziwe. Tinadya timatemba tochepa ngati njere za mpunga. Ndisaname, ndinanyambita ndi zala zomwe.

M'mawa mwake amalume anaona mapazi m'matope. Anandipeza pamjigo, n'kundifunsa mofatsa ngati ndinaona munthu kudziwe. Sanandiopseze ayi. Ine ndinkangofuna kuti andiyamikire, basi ndinanena.

Lamulo linali loti ukonde wogwidwa uziwotchedwa. Amalume eni ake ndiwo anawotcha masikito aja, anthu akuona, utsi wakuda wapulasitiki ukutsamwitsa. Amayi anangoti, "Achimwene, nanga mwanayu azigona m'chiyani?" Amalume anayang'ana pansi. Dzina langa sanalitchule mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Mvula itagwa, udzudzu unabuka. Mlongo wanga anadwala malungo mpaka kukomoka. Anachira, koma khutu lake lamanzere silinamvenso. Nyanja nayo inadzaza, matemba aja anatsika ndi madzi n'kuswana. Amayi anayamba kuyanika ndi kugulitsa ku Songani, ndipo matemba omwewo ndiwo anandifikitsa kukoleji. Amalume ndi anzawo palibe anawathokoza. Ambiri ankangowatchula kuti ouma mtima.

Pano ndili ndi khanda langa. Ndikamalifunditsa masikito ndimafufuza timabowo kawiri katatu. Ndili mwana ndinkayesa kuti kunena zoona kumangopweteka wolakwa yekha. Sindinkadziwa kuti amalume ankasankha pakati pa nyanja ndi mwana wa mlongo wawo, ndipo woika chisankhocho m'manja mwawo ndinali ine.

Mlongo wanga akamandipendekera khutu lakumanja kuti amve, ndimayang'ana pansi. Inu mukanakhala ine pamjigo paja, mukananena?