Maungu Anga Anakwera Mtsinje

Sabata ino ndaona mtsinje ukubwerera kumene wachokera. Ndaona ndi maso angawa, dzuwa lili ngwee, osamwa kanthu. Musaseke, anzanga a kumtunda inu. Khalani pansi ndikuyimbireni.

Ndiyambe ndi dzungu, poti nkhani yonseyi ndi dzungu.

Dzungu ili ndi la malemu amayi anga. Khosi lalitali ngati la tsekwe, khungu lotuwa, m'kati mofiira ngati dzuwa likamalowa ku Tete. Ukaliphika silifuna shuga, silifuna mchere, limangofuna pakamwa. Tsiku limene tinkathawa nkhondo kuno ku Zobwe, anzanga anatola mbale, ena bulangete, ine ndinamanga njere zake pamfundo ya kapulana, chitenje changa. Zinadutsa nane malire, zinamera kuseri kwa chisakasa chathu ku Malawi, ndipo mtendere utabwera zidzukulu za njere zija zinabwerera nane kwathu. Ine ndi dzungu, dzungu ndi ine, tonse othawa, tonse obwerera.

Chaka chino makoswe anandilanda. Anaboola chipanda chimene ndimasungiramo mbewu, n'kundisiyira tinjere tosadzaza n'dzanja lomwe. Kudikira mvula ndinaopa, makoswe sadikira mvula. Kubzala m'dimba la kwathu sikukanatheka, chisanu cha ku Zobwe chimapsereza dzungu lisanayange. Ndiye ndinakwera shapa, minibasi ya kuno, kutsikira kuchigwa, kupitirira Moatize, kwa mwana wanga Luwiza, amene anakwatiwa pafupi ndi pamene Revubwe amathira mu Zambezi. Uko kulibe chisanu. Uko ngakhale mwala umatuluka thukuta.

Mkamwini wanga, bambo a Rozita, ndi Mnyungwe wobadwira m'mbali mwa madzi, munthu waulemu, wolankhula nane atapenya kumbali. Ataona ndikukumba maenje pansi penipeni pa gombe, anauza mkazi wake kuti andiuze kuti ndikwereko pang'ono. Ine ndinauza mwana wanga kuti awauze kuti ndinayamba kubzala maungu iwo asanamere mano. Ndinaloza kumwamba: mtambo uli kuti? Chilimwe chino madzi angachokere kuti? Yankho linabwera kudzera mwa Luwiza yemweyo, lakuti madzi a kuno sayang'ana kumwamba.

Ndinaseka, n'kupitiriza kukumba.

Miyezi inadutsa. Lolemba lapitali ndinatsikanso kukakolola. Ana inu, maungu! Atagona m'masamba ngati makanda okhuta, makosi atapinda, ili apa, ili apo, lina labisala. Ndinawavinira pang'ono, Luwiza akuchita manyazi ndi anthu odutsa. Tinadula okhwima onse n'kuwaunjika pamchenga pafupi ndi madzi kuti tiwatsuke. Dzuwa litakula tinakwera kunyumba kukabisala pansi pa msawu. Mkamwini anali atapita ku Moatize ndi njinga yake ya makala. Ine tulo tinandiba, ndinalota amayi akupeta njere, mankhusu akuuluka osagwa.

Pobwerera kudimba, mchenga palibe. Mulu palibe. Madzi okha, phee, atagona pamene panali dimba, ngati mlendo amene walowa osaodira n'kukhala pampando wako. Kumwamba kuli mbee, ngakhale kamtambo konga nthenga.

Mbewu yonse ya amayi inali m'mimba mwa maungu amenewo. Pamfundo ya kapulana panalibe kanthu.

Tinachita chimene mwana aliyense wa kumapiri akanachita: tinathamangira kumunsi. Kwathu chimene madzi atenga umachifuna kumunsi, basi. Tinasuzumira m'mabango, tikuopa ng'ona, tikufunsa aliyense ngati waona maungu a makosi aatali. Palibe anaona. Nditatopa ndinakhala pachitsa n'kumangoyang'ana madzi. Ndiye kunabwera chitsononkho. Chinadutsa pamaso panga pang'onopang'ono, mwaulemu, chikupita kumtunda. Pambuyo pake tsamba la nthochi, nalonso kumtunda.

Ndinadzitsina. Ndinafunsa Luwiza ngati ndadzuka kale kapena ndidakali pansi pa msawu.

Mkamwini atafika sanaseke, Mulungu amudalitse. Anapenya kumbali n'kuuza mkazi wake kuti aja atsegula zitseko. Akuti kutali kumtunda kwa Zambezi kuli khoma lalikulu, akuno amati baraji, ndipo eni ake akafuna kupungula madzi mvula isanabwere amatsegula. Zambezi amafufuma, amafika pakamwa pa Revubwe, ndipo Revubwe, wowonda ndi chilimwe, amabwerera chafutambuyo ngati mwana wopatsa njira wamkulu.

Mkamwini anamasula bwato kuti tikawafune maungu kumtunda. Tsono taonani vuto: mpongozi ndi mkamwini bwato limodzi? Tinaika Luwiza pakati, ine ndinakhala chofulatira, ndipo mwambo sunavulale.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Tinkakwera mtsinje, koma nkhafi inkangogwira madzi mosisita, mtsinje wokha ukutinyamula. Pansi pathu ndinkaona ngaiyaye za chimanga cha anthu zikugwedezeka m'madzi, tinsomba tikuyenda m'mizere ngati tabwera kudzapalira. Kakowa anaima pamutu pa choopsezera mbalame. Ndinayamba kuyimba chapansipansi: pitani, ana anga, pitani, njira ya kumapiri ndi yomweyo. Mumtima ndinkati mwina maungu atopa ndi kutentha, anyamuka okha kubwerera kwawo.

Pokhota pena tinaona mayi wachikulire atakhala pagombe, maungu anga atawandandalika pambali pake ngati ana a sukulu. Dzina lake mai Siriya. Anati ankatsuka miphika, n'kuona zinthu zikubwera pamadzi, makosi m'mwamba, iye n'kuyesa atsekwe. Poona kuti atsekwewo sakulira, anawakoka ndi mtengo. Limodzi anali atalidula kale, linali pamoto.

Ndinafunsa za njere.

"Amayi, ndine wamisala ine?" anatero, akuloza lichero pamwamba pa kachisakasa. "Dzungu lofika lokha pakhomo, lochokera kumunsi, ungataye mbewu yake?"

Zinali pomwepo, zoyera, atazitsuka, atazitandika padzuwa. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinati ndatenda monga amanenera akumeneko. Tinadya dzungu lija tonse, mkamwini atatembenukira kumtsinje. Iye ndi amene anamaliza nkhani, kudzera mwa mkazi wake monga mwa masiku onse: "Uwauze amayi kuti mano ndinamera."

Pobwerera m'shapa ndinkangoganiza za khoma lija. Sindinalionepo. Amati lili pakati pa mapiri awiri, ndipo kuseri kwake kwagona nyanja imene agogo athu sanaidziwe. Amati limabala magetsi, amati limagwira chigumula kuti chisatsike chonse tsiku limodzi. Zabwino zimenezo, sindikana. Munthu ndi wodabwitsa, wamanga Zambezi chingwe m'khosi ngati mbuzi. Akale ankati madzi saiwala khwawa. Lero madzi amayamba afunsa kwa munthu wa makiyi kuti khwawa la lero ndi liti.

Koma tisaloze kutali, a ku Zobwe anzanga. Nafenso tili ndi timabaraji tathu. Si ife timatseka timitsinje ndi miyala, matope ndi masaka a mchenga kuti madzi alowe m'ngalande za tomato ndi kabichi?

Mukukumbuka mmene tinkachitira tisanathawe? Munthu akafuna kutsegula chotseka chake ankakwera pachulu n'kuitana motalikitsa mawu: madzi awo, a kumunsi, madzi awo. Wa dimba lotsatira ankalandira n'kuponyera mnzake, mnzakeyo kwa mnzake, chigwa chonse chikuyimba. Mawu ankafika madzi asanafike. Wa mbande ankatchinga mbande zake, wochapa ankachotsa mwana pamwala.

Tabwerako ku Malawi, minda yasintha eni. Wa kumtunda sadziwa wa kumunsi ndi mwana wa yani. Aliyense amatsegula chete, amatseka chete, ndipo Lamulungu timakhala benchi limodzi m'tchalitchi titatupa masaya chifukwa cha anyezi wokokoloka.

A kubaraji, akutero mkamwini, amalengeza pa wailesi. Ndikukhulupirira. Koma wailesi ya Luwiza inatha mabatire pa Pasaka, ndipo ngakhale ikanalankhula, ikanalankhulira m'nyumba, m'Chipwitikizi, ife tili m'dimba. Mawu amene safika m'dimba afika kuti? Ine ndimalota tsiku limene wa makiyi adzaitana, wa pagombe loyamba n'kulandira, msodzi n'kuponyera wochapa, wochapa kwa wa dimba, Chinyungwe kupatsira Chinyanja, nyimbo ikutsika Zambezi patsogolo pa madzi mpaka kukalowa m'timitsinje tonse. Kodi n'zovuta kuposa kumanga khoma pakati pa mapiri?

Njere zija tinagawana patatu. Zina zatsala kwa mai Siriya, zina kwa Luwiza, ndipo adzabzala pamene mwamuna wake adzaloze. Zina zili pano pamfundo ya kapulana, ndikuzimva pantchafu pamene ndikulemba. Dzungu la amayi linali ndi khomo limodzi, lero lili ndi atatu. Makoswe a ku Zobwe akafuna kulimaliza, ayambe aphunzira kukwera shapa.

Ine ndinapeza mai Siriya pokhota. Si onse amene madzi amawabwezera chimene atenga.

Mawa m'mamawa nditsegula kangalande kanga ka kabichi, ndipo ndikwera pachulu ndi mawondo angawa. Inu muli kumunsi kwanga, mukamva nkhalamba ikuyimba, musati yapenga. Landirani, muponyere mnzanu. Nanga inu amene dzanja lanu lili pa chitseko cha madzi, chachikulu kaya chaching'ono, amene ali kumunsi kwanu mumamudziwa dzina?