Ndinayatsa Munda wa Tirigu ku France Pofuna Mbewa

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuvomera mlandu: ine ndinaotcha dziko la France. Osati lonse ayi, kachigawo chabe, koma amene anayatsa machesi ndine.

Amalume anga ndi osema ziboliboli ku Mua. Ataitanidwa kukaonetsa ntchito yawo mumzinda wa Lyon, anafuna munthu wodziwa Chingerezi woti aziwayankhulira. Banja linasankha ine, poti ndinapondako ku koleji. Zoti kolejiyo ndinaisiyira panjira sizinakambidwe, ndipo ine sindinafune kusokoneza msonkhano.

Lyon ndi mzinda waulemu wake. Mitsinje iwiri imakumana mumzindamo koma simungaone munthu akuchapa. Sitima zimayenda mumsewu popanda kondakitala, ndipo zimanyamuka zisanadzaze, zomwe mpaka lero ndimaziona kuti n'kuononga. Buledi wake ndi wotalika ngati mpini wa khasu, kulimba kwakenso komweko. Ziboliboli zinayenda malonda, moti okonza chionetsero anati akufuna kudzawaitananso amalume chaka chotsatira. Amalume anandikokera pambali. "Mphwanga, mwayi uwu ndausemera zaka zambiri. Usandichititse manyazi." Ndinalumbira.

Loweruka tinapita kumudzi, kwa mlimi wina wachikulire, a Marcel, amene anakonda ntchito ya amalume n'kutiitana kukadya. Munda wawo wa tirigu unali wotopetsa maso ngati sikimu ya mpunga ya ku Bwanje, koma wolima munthu mmodzi ndi thirakitala. Anali atakolola kale, udzu ataukulunga m'mitolo yotalika kuposa ine. Tikuyendayenda anandionetsa mauna, n'kudandaula m'Chingerezi chawo chothyokathyoka kuti mbewa zawasowetsa mtendere.

Abale, mtima wanga unadumpha. Ku koleji ndinalephera zambiri, koma mbewa sindinalepherepo. Mwana wa pa Golomoti angaone mauna onenepa chonchija n'kungodutsa? Kumeneko chakudya cha masana sichitha msanga, ndiye akuluakulu ali pa tebulo ndinazemba kuti ndikathandize. Ndinatseka mauna ena ndi dothi, n'kuunjika udzu pa una waukulu, n'kuyatsa kuti ndifukize utsi monga timachitira kwathu. Chimene sindinachiganizire ndi mphepo. Ziputu zinali zitauma gwa. Ndisanaone ndi mchira womwe, moto unali utafika pa mitolo ija.

Ndinathyola nthambi n'kuyamba kuupuntha, koma unangondiseka. Kunabwera magalimoto ofiira a ozimitsa moto, pambuyo pake apolisi. M'pamene ndinamva kuti nyengo yotentha ngati imeneyo kuyatsa moto kumunda n'koletsedwa. Amalume anangoti chilili, chipewa kumanja, ngati ali pamaliro. Ndinadziwa kuti wapolisi akangolemba dzina langa, ulendo wawo wachiwiri wafera pomwepo.

Wapolisi atafunsa amene anayatsa motowo, a Marcel anandiyang'ana mmene ndinadera ndi mwaye, kenaka anadziloza pachifuwa n'kuyankhula nthawi yaitali. Apolisi atapita, a Marcel anatimasulira zimene ananenazo. Akuti anawauza kuti munda ndi wawo, mlendo ndi wawo, amene anadandaula za mbewa ndi iwo, choncho mlandu ndi wawonso. Chindapusa chinagwera iwo, ndipo amalume atafuna kuthandizapo anakana kwamtuwagalu.

Kenaka anandifunsa, "Mbewazo ukanazigwira, ukanazitani?"

Ndinawafotokozera mwaulemu za kuwiritsa ndi mchere, kuyanika, ndi kuzipana pa timitengo. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunditsanulira vinyo. Amalume sanaseke. Mawu awo oyamba ndinadzawamva titabwerera kwathu, minibasi itaima pa Mtakataka: "Tsitsa katunduyo."

Chaka chotsatira anawaitanadi. Anapita ndi mlamu wanga, amene Chingerezi sachidziwa koma amakhala pomwe wauzidwa kukhala.

Inu owerenga, mukapita kwa eni, munthu akakudandaulirani vuto lake sikuti wakulembani ntchito. Mverani, pukusani mutu, nenani pepani, manja akhale m'thumba. Luso lanu la kwanu liyambe lafunsa kaye. Ndipo Mulungu akakupatsani munthu wosenza mlandu wanu ngati a Marcel, muzimukumbukira m'pemphero. Ine ndimatero, ngakhale dzina la mudzi wawo limandikanika kutchula. Ndikhulupirira kumwamba amaudziwa, poti utsi unafika.