Ufa wa mpunga pakhomo la alamu anga

Nditasamukira ku Indianapolis ndinali ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo munthu woyamba kundikalipira mumzindawo anali agogo achimwenye a khomo loyandikana ndi lathu. Ndinaponda ufa wawo.

Tinkakhala m'nyumba zalendi zogundizana pafupi ndi msewu wa Lafayette, makomo awiri khonde limodzi la simenti. M'mawa uliwonse agogowo ankasesa mbali yawo, kuwazapo madzi, kenako n'kuwerama ndi kambale ka ufa wa mpunga. Ankayamba ndi timadontho m'mizeremizere. Akatero ufa unkatsika pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala ngati ulusi, n'kumazungulira timadontho tija mpaka kukathera pomwe unayambira. Chojambulacho amachitcha kolamu. Tsikulo ndinkathamangira basi, ndiye ndinadutsa pakati penipeni. Anandilalatira m'chiyankhulo chakwawo, ine ndinabwezera m'Chichewa, ndipo tonse tinamvana bwinobwino kuti sitikuyamikirana.

Kunena zoona, ndinabwera ndi maganizo anga a ku Limbe. Kwa ine mmwenye anali munthu wa kuseri kwa kauntala, wokuyang'ana m'manja ukalowa m'sitolo. Awa analibe sitolo. Anachokera kummwera kwa dziko la Indiya limodzi ndi amuna awo, kudzakhala ndi mwana wawo wogwira ntchito ya makompyuta. Anali amkamwa, okonda kulowerera za eni, ndipo Chingerezi chawo chinali mawu osakwana khumi. Mpongozi wawo ndiye anadzandipepesa madzulo ake, n'kundifotokozera mwambowo. Anati ufawo ndi wa nyerere ndi mbalame, kuti nyumba iyambe yadyetsa chamoyo china eni ake asanadye. Anatinso n'kulonjera mlendo ndi mwayi kuti zilowe. Ndipo kwawo, khomo likangosesedwa popanda chojambula, odutsa amadziwa kuti m'nyumbamo mwagwa maliro.

Sindikudziwa kuti chinansi chathu chinayamba liti. Amuna anga ankayendetsa thiraki, ankatha masabata awiri ali pamsewu, ndipo agogowo anaona kuti ndikudya zosalongosoka. Anayamba kugogoda ndi timbale ta mphodza ndi mpunga wa mandimu, n'kuima pomwepo mpaka nditamaliza. Mimba itakwana miyezi isanu ndi iwiri anandiveka zibangili zagalasi manja onse awiri, ati mwana azimva kulira kwake ali m'kati. M'nyumba mwawo munali kashelefu ka milungu yawo, wina wa mutu wa njovu. Ine ndine Mkhristu, sindinagwadirepo, ndipo palibe anandipempha kutero. Matenda atandiyamba, amuna anga ali kutali, amene anandithamangitsira kuchipatala anali mpongozi uja, agogo ali kumpando wakumbuyo akundisisita msana uku akundikalipira kuti ndikupuma molakwika.

Ndinabereka kudzera opaleshoni. Tsiku lotuluka m'chipatala ndinapeza mbali yanga ya khonde yajambulidwa kolamu wamkulu kuposa onse amene ndinawaonapo, wozunguliridwa ndi mzere wa dothi lofiira, umene amaika pa tsiku lachikondwerero. Ndinalira pomwepo ndili ndi mwana m'manja.

Masana a tsiku lomwelo anafika alamu anga, akazi a achimwene, kuchokera ku South Bend, ati kudzandithandiza chikuta. Alamuwo ndi mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwawo, munthu amene akayamba kupemphera nsomba imapserera pamoto. Ndili chigonere pasofa ndinamva chikwama chikugwa panja.

"Yesu wanga! Mlamu, ichi n'chiyani? Mwana wa masiku atatu mwamudutsitsa pamenepa?"

Ndinayesa kufotokoza kuti ajambula ndi aneba, n'kulandira mwana. Mawu anga sanapitirire chitseko. Pakona panali thumba la mchere wosungunulira chipale, wotsala nyengo yozizira. Anaukhuthula wonse, n'kumapekesa ndi nsapato, kenako anatenga ndowa yanga yokolopera n'kuthira madzi mbali yanga ndi ya agogo yomwe. Agogo anatuluka ali ndi mbale ya mpunga wotsekemera imene anandiphikira. Alamu anawaloza chala pamphuno, akukuwa kuti, "Faya! Faya!" Agogowo sanalalate monga anachitira ndi ine paja. Anangoima, mbale ili m'manja, akuyang'ana madzi oyera akutsikira m'kapinga.

Zikanathera pamenepo mwina ndikanameza. Koma alamu analowa m'nyumba, n'kuimba foni ku ofesi ya eni nyumba, kunena kuti aneba akumwaza ufa woyera wosadziwika pakhomo pamene pali khanda. Aliyense wokhala kuno amadziwa mmene mawu amenewo amamvekera kwa mzungu: amangoganiza za poizoni kapena mankhwala osokoneza bongo.

"Ndawaripota," anatero akuvula nsapato. "Panopa simungamvetse, mlamu. Mudzandithokoza."

Ine ndinakhala chete. Chilonda chinkawawa, inde, koma pakamwa panalibe chilonda. Ndinaopa kukangana ndi mlamu amene wayenda mtunda wonsewo chifukwa cha ine. Manyazi a kukhala chete kumeneko ndidakali nawo.

Kalata inabwera kwa agogo sabata yomweyo: pakhonde pasaikidwenso kanthu, zikuitana nyerere, ndipo akabwereza adzatulutsidwa m'nyumba. Kuyambira pamenepo ndinkaona pawindo agogo akusesa, kuwaza madzi, kenako n'kungoima manja lendee. Anzawo awiri a m'nyumba zakuseri anabwera tsiku lina nkhope zili zakugwa, kudzafunsa kuti wamwalira ndani. Mwezi wathunthu agogo sanandipatse moni.

Kenako mafoni anayamba kubwera kuchokera ku South Bend. Alamu anali ataperekera umboni kutchalitchi, kuti Mulungu anawatuma kukalanditsa khanda ku ufiti wa amwenye. Amayi amene sindinkawadziwa n'komwe ankandiimbira kuti, "Asisi, Mulungu ndi wabwino, mwana wapulumuka." Apa mpamene mtima wanga unauma. Sindinkafuna kuti alamu apepese. Ndinkafuna kuti tsiku lina aime pakhomo lawolawo osadziwa kolowera.

Ndinapita kwa agogo ndi mwana, n'kuwapempha kudzera mwa mpongozi wawo kuti andiphunzitse kolamu. Nkhope ya agogo inawala moti ndinayang'ana kumbali. Iwo ankaganiza kuti ndiko kupepesa kwanga, ndipo ine sindinawatsutse. Miyezi iwiri ndinkaphunzira pa thireyi yakuda m'khitchini mwawo. Ufa unkagwa m'mibulumibulu, mzere unkaduka, iwo ankandimenya kuseri kwa dzanja n'kufufuta zonse. Ndinapirira kuposa mmene ndinapiririra sukulu ya unesi. Tsiku limene mzere unazungulira timadontho tonse osaduka, anaitana amuna awo kuti asiye kaye kuonera masewera a kiriketi adzaone.

Ndinasankha Sabata lina la mu Okotobala, amuna anga ali panyumba. Ndinawasiyira mwana, n'kunena kuti ndaitanidwa kushifiti. Ulendo wa ku South Bend ndi wa maola awiri ndi theka, minda ya chimanga chouma mbali zonse, ndipo ndinaimba nyimbo za kwaya njira yonse. Ndinkadziwa kuti pa Sabata banja lonse la achimwene limachoka m'mawa, ndipo silibwerako mpaka litadya chamasana kutchalitchi. Nthawi imeneyo makamera a pazitseko anali asanachuluke.

Khonde la alamu linali losalala bwino, lotakata. Ndinasesa, n'kuwaza madzi a m'botolo, n'kugwada. Ndinajambula wamkulu, wa timadontho tambiri, n'kuzunguliza mzere wofiira. Sindinawonjezerepo dzira, singano kapena nthenga, ngakhale maganizowo anandibwerera. Ndinkadziuza kuti palibe choipa ndachita, ndangowasiyira moni wa alendo. Mzungu wina wodutsa ndi galu anaima n'kunena kuti n'chokongola, ine ndinathokoza. Pobwerera ndinaima ku Kokomo n'kudya nkhuku yokazinga mpaka kunyambita zala.

Achimwene anaimba madzulo omwewo, mawu ali pansi. "Achemwali, kuno kwachitika zinthu. Chija chinali kwanu chija chatilondola."

"Aa! Pepani achimwene," ndinatero. "Tiwapempherera alamu."

Masabata atatu otsatira ndinkaimba tsiku lililonse kufunsa za odwala, ndipo nkhani iliyonse inkanditsekemera. Alamu anakana kulowera khomo lakumaso, ankadzera kugalaja. Anasala kudya masiku asanu ndi awiri. Anakagona kwa mnzawo, anajomba kuntchito, anaitana amayi a mpingo kudzatsuka khonde ndi mchere ndi mafuta odzozera. Achimwene anati akazi awo aonda, siketi ikuchita kugwa. Ndikaika foni pansi ndinkavina ndi mwana m'khitchini. Sindibisa, m'moyo wanga sindinakhutepo ngati masabata amenewo.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti munthu wamantha amafuna dzina la womulodza. Alamu anaimbira mneneri wina wa kumudzi, wa mapemphero a pafoni. Anamuuza kuti unali ufa wa mpunga. Mneneriyo anafunsa mafunso awiri atatu, n'kulengeza kuti waona mayi wachikulire wa kuchimuna, wolima mpunga, amene sakondwa ndi banjalo. Amayi athu ondibereka ankalima mpunga ku dambo la Chilwa moyo wawo wonse. Kwawo kwa alamu ndi mudzi woyandikana ndi wathu, ndiye nkhani sinachedwe kuwoloka.

Amayi anandiimbira Lachitatu m'mawa, pa foni ya mphunzitsi woyandikana nawo. Anati kumjigo ana akumawathawa. Kutchalitchi amayi anzawo anasuntha pabenchi. Dzulo lake wina anagenda denga.

"Mwana wanga," anatero, "ine Amereka sindikudziwa n'komwe kuti ali mbali iti. Ndauluka liti?"

Ndinakulira kumeneko, ndimadziwa zimene zimachitikira nkhalamba ikatchulidwa dzina limenelo. Tsiku lomwelo ndinaimbira achimwene, n'kuwauza kuti aike foni pokweza kuti alamu amve. Ndinaulula zonse: tsiku, ola, ufa umene ndinagula m'sitolo ya amwenye pa Lafayette, mzungu wa galu. Ndinati akafuna ndibwere ndidzajambulenso iwo akuona. Ndinati andinene ine kutchalitchi, koma aimbe kumudzi lero lomwe ayeretse dzina la amayi.

Kenako alamu anayankhula modekha, ngati munthu amene walandira yankho la pemphero.

"Ndinkadziwa. Mneneri sananame. Amayi anu sakanafika kuno okha, anafunika wowanyamulira."

Ndinatukwana mawu amene sindingawalembe pano. Achimwene anangoti, "Achemwali, mwaonjeza," n'kudula foni. Pambuyo pake iwo anaimbadi kumudzi, koma anthu anali atamva kale zimene ankafuna kumva, ndipo tsopano mfiti zinali ziwiri, mayi ndi mwana wake.

Agogo achimwenye sanadziwe chilichonse. Chaka chotsatira mwana wawo anagula nyumba yakeyake kumpoto kwa mzinda, ndipo mpongozi ananditumizira chithunzi cha khonde lawo latsopano litadzaza kolamu mpaka pamasitepe. Ponditsanzika agogowo anandipatsa kambale kawo ka ufa. Ndinalandira ndi manja awiri, koma sindinakagwiritsepo ntchito.

Za alamu, ndikanena kuti ndimamva chisoni ndi masabata atatu aja ndiye kuti ndanama. Mpaka lero ndikakumbukira siketi yogwa ija mtima umachita myaa, ndipo sanapepesepo kwa aliyense. Anthu amati ndikhululuke. Mwina ndidzatero ndikadzakalamba.

Koma amayi tinawasamutsa. Mvula yoyamba isanagwe, mng'ono wanga anapita ndi galimoto yahayala m'mamawa, n'kuwatenga ndi katundu wawo kupita nawo ku Zomba m'tauni, m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba yake. Atafika ndinawaimbira, n'kuwafotokozera ndekha zonse, kuyambira pa mchere mpaka pa Sabata lija. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndinkafuna atatero. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Ndamva, mwana wanga," anatero. "Nanga munda wanga wa mpunga alima ndani chaka chino?"