Chikanda cha kafukufuku

M'Lundazi muno palibe munthu amene wavutikila zomela za m'thengo kuposa ine. Kukoleji ndinachokako wopanda pepala, koma gulu loteteza zachilengedwe linaona nzelu zanga n'kundipatsa sikipa yobiliwila.

Lachinayi ndinaimilila pamaso pa azimayi a m'chigwa cha kufupi ndi Lukusuzi, n'kuwauza kuti aleke kukumba chikanda chifukwa tizomela timeneti tikutha. Anaomba m'manja.

Loweluka, pamsika wa paboma, maso anga anagwela pa chikanda chophika, chodulidwa bwinobwino m'beseni. Ndinazemba kuseli kwa shopu, n'kutembenuza sikipa kuti zilembo zisaoneke. Nditabwelela ndinaloza kachidutswa, nkhope ili pansi.

"Monile a Ticha! Ndithile sabola?"

Wogulitsayo anali a NyaZimba, amene anakhala kutsogolo kwenikweni Lachinayi lija.

"N'cha kafukufuku, amayi," ndinatelo.

"Eya. Nanga sikipayo mwaitembenuzilanso kafukufuku?"

Ndinadyela pomwepo, pakuti munthu wogwidwa kale alibe chothamangila. Nkhani inafika kwa atcheya a gulu ndisanatsuke m'kamwa, ndipo Lolemba sikipa ndinabweza.

Zonsezi zinandidyela makwacha asanu. Sabola anandithilila waulele.