Tsiku limene achimwene anagawa disiki

Seva, kompyuta yaikulu yosungira mafayilo a ofesi yonse, inabwera pachilumba chathu pa sitima m'chaka cha 2006, itakulungidwa m'mabulangete kuopa madzi. Ine ndinali kalaliki pa ofesi ina yaing'ono ku Chipyela, ndipo pa kompyuta ndinkangodziwa kutaipa makalata. Munthu amene anayenera kuchokera kumtunda kudzaikonza anatumiza mawu kuti sabwera msanga. Bokosilo linangokhala pakona, ife n'kumaikapo makapu a tiyi.

Nthawi imeneyo achimwene anga anali atangobwera kuchokera ku Joni, komwe anagwira ntchito ya makompyuta zaka zambiri. Anabwera ndi chikwama chimodzi ndi chifuwa chosamva mankhwala. Ankabindikira kwa amayi ku Mbungo, posafuna kuti anthu aone mmene anaondera. Nditawauza za sevayo anandifunsa kukula kwa disiki yake, momwe mumasungidwa zonse. Ndinati sindikudziwa n'komwe kuti disikiyo ili pati. Anaseka, koyamba chibwerereni.

"Mawa usandisiye," anatero.

Njira imene ndinkayenda tsiku lililonse osaima tinaiyenda mopumira pansi pa milambe. Anavala malaya awo oyera a ku Joni, amene tsopano ankangolendewera m'mapewa.

Titafika sanathamangire kuyatsa makinawo. Anapempha pepala ndi pensulo, n'kuyamba kuwafunsa abwana anga mafunso. Ndi anthu angati azisunga mafayilo m'menemo? Ndi makalata okha kapena zithunzi zomwe? Magetsi amazima nthawi yanji? Abwana anatopa nawo mafunsowo.

"Bambo, bwanji osangoika zonse pamodzi tiyambe ntchito?"

"Magetsi a kuno ndi a jenereta, bwana, sachita kutsanzika," anayankha achimwene. "Tsiku lina adzazima makina ali pakati pa ntchito, mapulogalamu n'kuwonongeka. Mafayilo anu akakhala malo awoawo, tidzakonza mbali yowonongekayo iwo osakhudzidwa."

Anajambula mzere wautali papepalapo n'kuudula m'zigawo. Chigawo choyamba chinali cha mapulogalamu oyendetsa makina. China chaching'ono anati n'chopumirapo makina akachulukidwa ntchito. China chinali cha zimene makina amadzilembera okha tsiku ndi tsiku, kuti zikadzaza zisatsamwitse zinazo. Chachikulu anasiyira mafayilo athu. Ankafufuta, kulembanso, kuwerengera chamumtima milomo ikugwedera. Ndinaona nkhope ya mchimwene wanga wakale uja, amene ankandiphunzitsa masamu pamchenga ndi kamtengo.

Itafika nthawi yolemba manambalawo m'makina, chifuwa chinawagwira. Anandikankhira kiyibodi.

"Khala apa. Ndikuuza ine, iwe uzitaipa."

Ndinataipa nambala ina molakwika, chala chili pafupi kudina batani lovomereza.

"Ayi! Ona kaye! Disiki ukadula wadula, kubweza n'kufufuta zonse!"

Chibadwire changa anali asanandikalipirepo. Atapeza mpweya anandigwira paphewa.

"Pepa, mlongo wanga. Kungoti ndilibe mphamvu zodzabwerezanso."

Masana magetsi anazima monga mwa nthawi zonse. Ndinawagulira mandasi kumsika, koma anangonyema pang'ono n'kugona pabenchi, nsapato ali chivalire. Magetsi atayakanso tinamaliza. Makompyuta a mu ofesi anayamba kuona mafayilo a pa seva, ndipo abwana anawagwira chanza ndi manja awiri, n'kuwatchula kuti amisiri. Achimwene anaweramitsa mutu, koma ndinaona kuti zawakomera.

Kubwerera wapansi kunakanika. Ndinapempha msodzi wina wa kwathu kuti atitenge pa boti lake. M'botimo achimwene anandiuza kuti sabata yotsatira adzabweranso kudzandiphunzitsa kukopera mafayilo pa masidi, kuti disiki ikadzafa tisadzalire.

Sanabwerenso. Sabata yotsatirayo anagonekedwa m'chipatala. Ndinkapita ndi phala ndikaweruka, ndipo tsiku lililonse funso linali lomwelo: kodi makina anadzuka bwino m'mawa? Ndikati eya, ankatseka maso ngati munthu amene wamva kuti ana adya. Za matenda awo sitinakambiranepo. Tonse tinkadziwa, koma masiku amenewo dzina lake silinkatchulidwa pakhomo.

Anamwalira m'nyengo yachisanu, mwera ukuwomba. Akazi awo a ku Joni tinawaimbira foni. Analira, n'kunena kuti ulendowo ndi wautali. Tinawaika tokha, ife a pachilumba, kwaya ya kutchalitchi ikuimba.

Nditabwerera ku ntchito abwana anandiyang'ana kamodzi n'kundiuza kuti ndipite kunyumba. Ndinapeza amayi akuvuula chinangwa chimene chinakhalitsa m'madzi masiku onse a maliro, chayamba kusungunuka. Sanafunse chifukwa chimene ndabwerera msanga. Anangosendera pang'ono, ine n'kukwinya malaya m'mikono, tonse awiri n'kumasankha chimene chikanatheka kuyanikidwa.